Mmene mungafufuzire fayilo ya header mu C popanda kusokonezedwa ndi ma macro

Aliyense amene amalemba pulogalamu ya C yoti ikagwire ntchito pa makompyuta osiyanasiyana amafika pofuna kudziwa ngati fayilo inayake ya header (fayilo ya `.h` imene imalowetsedwa mu khodi ndi `#include`) ilipo asanaiitane, chifukwa `#include` ikapanda kupeza fayilo imene mwatchula, compiler, chida chomasulira khodi kukhala pulogalamu, imaimira pomwepo. Mafayilo amenewa safika paliponse nthawi imodzi. Pa Linux, `<sys/random.h>` inalowa mu glibc (laibulale ya C ya GNU) 2.25 m'chaka cha 2017, `<threads.h>` inalowa mu glibc 2.28 m'chaka cha 2018, ndipo `<stdbit.h>` inadikira mpaka glibc 2.39 m'chaka cha 2024, kotero khodi imene ikuyenda bwino pa laputopu yanu ingathe kukanika pa seva yakale ya kuntchito. Chida chofufuzira ndi `__has_include`, chimene chinayambira mu compiler ya Clang, chinalowa mu compiler ya GCC 5 m'chaka cha 2015, n'kuvomerezedwa m'malamulo a C++17 kenako a C23. Yankho lake ndi 1 kapena 0 basi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa 0 wolakwika sachita phokoso: compiler sidandaula, pulogalamu imamangidwa bwinobwino, koma imadzera njira imene munasungira makompyuta osowa fayiloyo, chikhalirecho fayiloyo ili pomwepo.

Funsani mafunso awiri pa mizere iwiri

Kalembedwe kodalirika ndi aka:

```c
#if defined __has_include
#  if __has_include(<sys/random.h>)
#    include <sys/random.h>
#    define TILI_NDI_SYS_RANDOM 1
#  endif
#endif
```

Mzere woyamba ukufunsa ngati compiler ikuchidziwa chida chofufuziracho, ndipo wachiwiri ndi umene ukufunsa za fayilo. Ngakhale `__has_include` si macro yeniyeni (dzina loikidwa ndi `#define` kuti lizilowedwa m'malo ndi mawu ena) pa ma compiler a masiku ano, malamulo a C23 amanena kuti `defined`, `#ifdef` ndi `#ifndef` aziitenga ngati dzina la macro imene ilipo, ndipo n'chifukwa chake funso loyambalo limatheka.

Ambiri amakopeka kuphatikiza mafunso awiriwa pa mzere umodzi, motere:

```c
#if defined __has_include && __has_include(<sys/random.h>)
```

Maganizo awo amakhala akuti mbali yoyamba ikakhala 0, chizindikiro cha `&&` chisiya mbali yachiwiri osaikhudza. Chimene `&&` imadumpha ndi kuwerengetsa kokha, koma mzere wonse uyenera kuwerengedwa ndi kumveka kaye. Pa `#if`, preprocessor (gawo la compiler limene limawerenga mizere yoyamba ndi `#`) imatambasula ma macro onse, kenako dzina lililonse lotsala limene silikudziwika imalisandutsa 0. Pa compiler yakale, monga GCC 4.8.5 ya CentOS 7, `__has_include` ndi dzina losadziwika, choncho imasanduka 0 wotsatiridwa ndi mkutiramawu, zimene si masamu omveka, ndipo mumalandira uthenga wakuti `missing binary operator before token "("`. Mukagawa mizere, `#if` yamkati imakhala m'chigawo chimene chadumphidwa, ndipo zimene zalembedwa pa mzere wake siziwerengedwa n'komwe.

Pali njira inanso imene mudzaione m'makhodi a anthu ena, yolemba `#define __has_include(x) 0` pamene compiler ilibe chidachi. Ine sindiikonda, chifukwa dzinali si lanu, ndiponso fayilo iliyonse imene mudzaitane pambuyo pake, ikafunsa `#ifdef __has_include`, idzauzidwa kuti chidacho chilipo, kenako idzauzidwa kuti fayilo iliyonse imene ikufuna kulibe.

Dzina la pakati pa < ndi > limakhala chinthu chimodzi pa malo ochepa okha

Mukamvetsa mfundo iyi, zotsala zonse zimamveka zokha. Preprocessor isanatambasule macro iliyonse, imaduladula khodi yanu kukhala tizidutswa totchedwa ma token: mayina, manambala, zizindikiro ndi mawu a m'mitengero. Mwa tizidutswa timeneti muli kamodzi kapadera, kamene ndi dzina la header, monga `<linux/stat.h>` yonseyo kuyambira pa `<` mpaka pa `>`. Kachidutswa kameneka sikazindikirika paliponse. Kamazindikirika dzinalo likalembedwa mwachindunji pambuyo pa `#include`, kapena mwachindunji m'kati mwa `__has_include` pa mzere wa `#if` kapena `#elif`. Pa malo amenewo dzinalo ndi lathunthu, ndipo palibe macro imene ingalowe m'kati mwake.

Kwina kulikonse, zilembo zomwezo zimakhala tizidutswa 7 tosiyana: `<`, `linux`, `/`, `stat`, `.`, `h` ndi `>`. Titatu mwa timeneti ndi mayina wamba, ndipo dzina wamba lililonse lingathe kukhala macro. Tsoka lake n'lakuti `linux` ndi macro kale, ngakhale inu simunailembe. Yesani lamulo ili pa kompyuta ya Linux:

```
gcc -dM -E -x c /dev/null | grep linux
```

Pa mizere imene ituluke mupeza `#define __linux__ 1`, imene ndi yoyenera, komanso `#define linux 1`, imene ndi chotsalira cha masiku akale pamene ma compiler ankatchula mtundu wa makina ndi mayina wamba. Ilinso ndi anzake, `unix`, komanso `i386` pa makina a x86 a 32-bit. GCC imaika mayina amenewa ikamatsatira C ya GNU, monga `-std=gnu17`, ndipo C ya GNU ndi imene imagwira ntchito mukapanda kusankha nokha; mukalamula `-std=c17` mayinawo amachoka. N'chifukwa chake vuto lomweli limaoneka kwa mnzanu koma osaoneka kwa inu, ngakhale nonse muli ndi compiler imodzi.

Tsopano taonani chimene chimachitika munthu akafuna kufupikitsa khodi ndi macro yokutira:

```c
#ifdef __has_include
#  define ILIPO(x) __has_include(x)
#else
#  define ILIPO(x) 0
#endif

#if ILIPO(<linux/stat.h>)
#  include <linux/stat.h>
#endif
```

Poiona imaoneka yaudongo, koma ndi yolakwika. Pamene preprocessor ikuwerenga `<linux/stat.h>` pa mzere wa `#if`, sinaonebe `__has_include`. Yaona `ILIPO`, imene kwa iyo ndi macro ngati ina iliyonse, choncho dzinalo imaliduladula kukhala tizidutswa 7 tija. Lamulo la C limanena kuti chimene mwapatsa macro chitambasulidwe chonse kaye chisanaikidwe m'malo mwa `x`, pokhapokha `x` atakhala pafupi ndi `#` kapena `##`. Motero `linux` imasanduka `1`, ndipo chimene chimafika kwa `__has_include` ndi `<1/stat.h>`. Fayilo ya dzina limenelo kulibe, yankho ndi 0, ndipo palibe chenjezo lililonse chifukwa funsolo ndi lomveka mwa malamulo onse, kungoti si funso limene munafuna kufunsa.

Musaganize kuti vutoli ndi la mawu akuti `linux` okha. Fayilo ya `<complex.h>` ili ndi mzere wakuti `#define complex _Complex`, kotero ikaitanidwa kamodzi, `ILIPO(<complex.h>)` imafunsa za `<_Complex.h>` n'kuyankha kuti fayilo imene mwangoiitana kumene kulibe. `errno` nayo ndi macro, ndipo mu glibc imatambasuka kukhala `(*__errno_location ())`, zimene zimaphwasula dzina la `<errno.h>` kotheratu. Koma `<assert.h>` imapulumuka ngakhale `assert` ndi macro, chifukwa macro yolandira zinthu m'mikutiramawu imatambasuka pokhapokha dzina lake likatsatiridwa ndi `(`, ndipo pano latsatiridwa ndi mpumiro. Zimenezi zikusonyeza kuti yankho la macro yokutirayo limadalira mafayilo amene anaitanidwa kale pamwamba, ndipo kungosuntha mzere umodzi wa `#include` kungasinthe pulogalamu yonse mwakachetechete.

Zimene zinachitika mu GCC 5 mpaka GCC 9

Ngati ntchito yanu iyenera kumangidwa pa makina akale, pali chinthu china choyenera kudziwa. Kuyambira mu GCC 5 mpaka GCC 9, `__has_include` yeniyeniyo inali macro yokutira. Mukayesa `-dM` pa ma compiler amenewo mumaona mzere uwu:

```c
#define __has_include(STR) __has_include__(STR)
```

Chimenechi ndi chimodzimodzi ndi `ILIPO` yathu ija, ndipo zotsatira zake n'zofanana: ngakhale mutalemba `__has_include(<linux/stat.h>)` mwachindunji, monga mmene malamulo amanenera, dzinalo linkatambasulidwabe. Vutoli linalembedwa m'kaundula wa zolakwika za GCC pa nambala 80005, ndipo linakonzedwa mu GCC 10, imene inatuluka m'chaka cha 2020. Ma compiler amenewa sanathe ntchito, popeza Ubuntu 20.04 inabwera ndi GCC 9, pamene Red Hat Enterprise Linux 8 ndi Debian 10 zinabwera ndi GCC 8.

Olemba glibc anakumana nalo vutoli pa fayilo yomweyi ya `linux/stat.h`, ndipo mukatsegula `bits/statx.h` muona kuti anagwiritsa ntchito mitengero, n'kusiya ndemanga yotchula nambala 80005 ija:

```c
#ifdef __has_include
# if __has_include ("linux/stat.h")
#  include "linux/stat.h"
```

Mitengero imateteza chifukwa mawu a m'mitengero amakhala kachidutswa kamodzi kulikonse mu C, kaya adutsa m'ma macro angati, ndipo preprocessor sitambasula chilichonse cha m'kati mwake. Imeneyi ndiyo njira imene ndimalangiza pamene dzina la fayilo lili ndi mawu okayikitsa monga `linux` kapena `unix`, ndipo simukudziwa compiler imene anthu adzagwiritse ntchito.

Komabe mitengero imasintha malo ofufuza. Ndi `< >`, GCC imayang'ana m'mafoda amene mwaipatsa ndi mbendera ya `-I`, kenako a `-isystem`, kenako a makina. Ndi mitengero, imayamba yayang'ana m'foda momwe muli fayilo imene ikufunsayo, kenako m'mafoda a `-iquote`, ndipo ikalephera ndi pamene imatsata mndandanda wa `< >` uja. Ngati m'foda yanu muli foda ina yotchedwa `linux` yokhala ndi `stat.h` yakeyake, imeneyo ndi imene ipezeke. Pa chifukwa chomwechi, kalembedwe kamene mwafunsira kakhale komweko poitana: mukafunsa ndi mitengero, itanani ndi mitengero, kuti fayilo imene yayankha kuti ilipo ikhale yomweyo imene ilowe mu pulogalamu.

Pamene dzina la fayilo lichokera mu macro mwadala

Nthawi zina mumafunadi kuti macro itambasuke, chifukwa dzina la fayilo silidziwika mpaka nthawi yomanga. C imalola zimenezi: ngati chotsatira `#include` sichili m'mitengero kapena pakati pa `<` ndi `>`, preprocessor imatambasula ma macro a pa mzerewo, ndipo chotuluka chiyenera kufanana ndi kalembedwe kamodzi mwa mitundu iwiriyo. `__has_include` imatsata lamulo lomweli. Malaibulale odziwika amadalira zimenezi. Lua imaitana `LUA_USER_H`, Mbed TLS imaitana `MBEDTLS_CONFIG_FILE`, ndipo FreeType inazolowetsa anthu kulemba `#include FT_FREETYPE_H`, imene imatambasuka kukhala `<freetype/freetype.h>`.

Pano kukonza kwa GCC 10 sikukuthandizani, ndipo Clang nayo sikupulumutsani, chifukwa palibe cholakwika chimene compiler ikuchita. Mukalemba

```c
#define STAT_H <linux/stat.h>
#if __has_include(STAT_H)
```

dzinalo lasungidwa mu macro ngati tizidutswa 7, ndipo macro ikatambasuka, preprocessor imabwereza kuwerenga chotulukacho kuti ione ngati muli ma macro ena. `linux` isandukanso `1`. Macro ya FreeType ija imayenda bwino kokha chifukwa `freetype` ndi `h` si ma macro, koma wophunzira amene akulemba pulogalamu ya masamu, ngati atayamba ndi `#define h 0.01` pamwamba pa fayilo yake, adzapeza compiler ikufunafuna `freetype/freetype.0.01`. Mankhwala ake ndi omwe aja: sungani dzina lonse m'mitengero, `#define STAT_H "linux/stat.h"`. Ngati dzinalo likuchokera pa lamulo lomangira, tetezani mitengeroyo kuti shell isaimeze:

```
gcc -DMAKONZEDWE_H='"bolodi/makonzedwe.h"' pulogalamu.c
```

Palinso amene amamanga dzina kuchokera ku zidutswa pogwiritsa ntchito `#`, chizindikiro chimene chimasandutsa chopatsidwa kukhala mawu a m'mitengero:

```c
#define MAWU(x)  #x
#define XMAWU(x) MAWU(x)
#include XMAWU(MAKINA/makonzedwe.h)
```

Ma macro ndi awiri pa chifukwa chenicheni. `MAWU` payokha sitambasula chimene yapatsidwa, popeza `x` ali pafupi ndi `#`, ndipo ikanatulutsa `"MAKINA/makonzedwe.h"` momwemo. `XMAWU` ndi imene imapereka mpata woti `MAKINA` itambasuke kaye. Koma kutambasula sikuima pamene inu mukufuna. Kumapitirira mpaka kutatsala dzina losatambasukanso. Mukamanga ndi `-DMAKINA=freebsd` zonse zimayenda, ndipo mukamanga ndi `-DMAKINA=linux` mumapeza `"1/makonzedwe.h"`. Ngati mafodawo ndi anu, kusintha dzina la foda kukhala lina, monga `os_linux`, n'kosavuta kuposa kulimbana ndi preprocessor. Samalaninso ndi mipata: `#` imasunga mpata umodzi paliponse pamene munasiya mpata pakati pa tizidutswa, kotero `XMAWU(MAKINA / makonzedwe.h)` imatulutsa dzina lokhala ndi mipata m'kati, limene silifanana ndi fayilo iliyonse.

Khalidwe lomweli la `#` lingakupatseni macro yokutira imene siphwanya dzina, ngati mukuifunitsitsa:

```c
#define ILIPO(x) __has_include(#x)
#if ILIPO(linux/stat.h)
```

Pano `linux/stat.h` imalowa m'mitengero isanatambasulidwe. GCC ndi Clang zimalandira kalembedwe aka, koma kali ndi malire: kamafufuza ngati mitengero nthawi zonse, kamasweka mukangokakutanso ndi macro ina, ndipo malamulo a C23 salonjeza kuti `__has_include` yobisika m'kati mwa macro igwira ntchito. Kwa ine, n'kwabwino kufunsa mwachindunji kamodzi, m'fayilo imodzi ya makonzedwe, n'kusunga yankho mu macro yanuyanu monga `TILI_NDI_SYS_RANDOM` ija, imene khodi yonse ingaifunse mosaopa.

Onani ndi maso anu chimene preprocessor ikufunsa

Popeza `__has_include` siloledwa kunja kwa `#if`, simungaisindikize kuti muone chimene yalandira, koma mungathe kudutsitsa dzinalo mu macro yopanda kanthu. Lembani fayilo ya `yesa.c` ya mizere iwiri:

```c
#define ONETSA(x) x
ONETSA(<linux/stat.h>)
```

Lamulo la `gcc -E -P yesa.c` lisindikiza `<1/stat.h>`, ndipo mukawonjezera `-std=c17` lisindikiza `<linux/stat.h>`. Kuti mudziwe ngati dzina lanu likuphwanyika m'pulogalamu yeniyeni, ikani mzere wa `ONETSA` pa malo enieni amene funso lili, pansi pa ma `#include` onse a pamwamba, chifukwa ma macro amene ali ndi mphamvu pa mzere umenewo ndi amene akusokoneza. Dzinalo likatuluka lathunthu koma yankho likadali 0, vuto lili pa mafoda, ndipo `gcc -E -v -x c /dev/null` ikuonetsani mndandanda wa kumene compiler ikuyang'ana, woyamba wa mitengero ndi wachiwiri wa `< >`. Mbendera ya `-H` imasindikiza njira yonse ya fayilo iliyonse imene yaitanidwadi, ndipo imathandiza kwambiri pamene mukumangira makina ena ndi `--sysroot`, chifukwa `-I/usr/include` imodzi yoiwalika ingachititse kuti `__has_include` ipeze mafayilo a kompyuta yanu m'malo mwa a makina amene mukumangirawo.

Kupezeka kwa fayilo si umboni woti igwira ntchito

`__has_include` sitsegula fayilo kuti iwerenge za m'kati; imangoona ngati ingapezeke. GCC imabwera ndi `<varargs.h>`, ndipo funso lanu liyankhidwa 1, koma m'kati mwa fayiloyo muli `#error` yonena kuti GCC inasiya kuthandiza njira yakaleyo. Pa macOS pali `<sys/random.h>`, koma imene imalengezedwamo ndi `getentropy`, osati `getrandom` ya Linux, kotero khodi imene imati fayilo ikapezeka ndiye kuti `getrandom` iliponso idzakanika. Pa zinthu zimene C inazisiya kukhala zosakakamiza, funsaninso ma macro amene anaikidwira ntchito imeneyo, monga `__STDC_NO_THREADS__` ndi `__STDC_NO_ATOMICS__`, musanadalire `<threads.h>` kapena `<stdatomic.h>`.

Pamene mukufuna chitsimikizo chenicheni, funso liperekedwe kwa zida zomangira, zimene zimayesa kumanga kapulogalamu kakang'ono koitana fayiloyo. `AC_CHECK_HEADERS` ya Autoconf ndi `check_include_file` ya CMake zimachita zimenezi, ndipo yankho limafika kwa inu ngati macro, mwachitsanzo `HAVE_SYS_RANDOM_H`. Macro imeneyi ilinso ndi msampha wake. Autoconf ikapanda kupeza fayilo, siiika macro n'komwe, choncho `#ifdef` ndi `#if` zonse zimayankha molondola, popeza dzina losadziwika limasanduka 0. Koma `#cmakedefine01` ya CMake imaika macro nthawi zonse, kaya ndi 1 kaya ndi 0, ndipo `#ifdef` idzati inde ngakhale yankho lili 0. Dziwani chida chimene chinalemba `config.h` yanu, fayilo yosunga ma macro amenewa, musanasankhe kalembedwe. Ngati mwasankha `#if`, yatsani `-Wundef`, imene imachenjeza dzina losadziwika likasanduka 0, chifukwa popanda iyo kulakwitsa chilembo chimodzi pa dzina la macro kumaoneka chimodzimodzi ndi kusowa kwa fayilo.

Chotsala ndi cha `make`, chida chimene chimamanganso mafayilo okhawo amene asintha. Mndandanda umene mbendera ya `-MD` ya GCC imalembera `make` umatchula mafayilo amene anapezeka, osati amene anafunsidwa n'kusowa. Mukamanga pulogalamu fayilo ina kulibe, kenako n'kuika phukusi lobweretsa fayiloyo, `make` siona chifukwa chomangiranso, ndipo mafayilo a `.o` amakhalabe ndi yankho lakale la 0. Mukangoika kapena kuchotsa phukusi la ma header, yambani ndi `make clean`, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito CMake fufutaninso `CMakeCache.txt`, chifukwa mayankho a `check_include_file` amasungidwa mmenemo ndipo safunsidwanso pa okha.